Azungu a M'dilowa Yanga

Pakhonde la sitolo yakale pa boma la Mchinji
ndimakonza mawotchi amene anthu anasiya kuvala.
Ntchito ikazilala, ndipo imazilaladi masiku ano,
ndimatsekula dilowa yam'munsi, ya loko ija,
n'kudzutsa azungu anga.

Alipo khumi ndi mmodzi.
Agona chagada pa chigamba cha bulangete,
aliyense ndi kansalu kake kofwifwa pakhosi.
Woyamba ndinam'peza m'thumba la jekete la kaunjika
pamsika wa Kamwendo,
mayi wogulitsa ankayesa chotsekera botolo.
Wina anadza pa njinga kuchokera ku Chipata
atakulungidwa m'sokosi yonunkha.
Wa siliva uyu ndinasinthanitsa ndi mbuzi ya bere,
Esinati sanandiyankhule masiku anayi.

Ndimapanikiza galasi padiso
n'kuwerenga m'mphepete momwe anadinda mayina:
Kaputeni Ashcombe. Mejala Thornby.
Lilime limapunthwa ngati ngolo pamtsitsi.
Mfumu yawo ya ndevu yafufutika ndi zala,
yatsala mphuno yokha.
Ndimawasambitsa ndi phulusa ndi ndimu,
sadandaula.

Anthu amati, Yotamu, unadya chiyani?
Mwana akufuna fizi, iwe ukuweta zitsulo za eni ake.
Ndimangoseka.
Sadziwa za Tsokalida, bambo wa mayi anga,
amene anamugwira pomwe pano
malo ano akadatchedwa dzina la mzungu,
namulemba utengatenga.
Sanam'patse mfuti.
Anam'senzetsa bafa.
Bafa la lata la bwana, mkati muli mpando wopinda,
kuwoloka mitsinje yosadziwika dzina,
dzinja ziwiri, wapansi, wopanda nsapato.
Madzulo anzake akagwa ngati mapesi,
iye akatunge madzi, awafunditse,
bwana achotse fumbi la nkhondo.

Anabwerako ndi dazi paliwombo
pomwe nkhata inadya tsitsi,
ndi chifuwa cholira ngati chitseko chakale.
Ndinkaligwira dazilo ndili mwana.
Linali losalala, lozungulira,
kukula kwake ngati izi ndasungazi.

Tsiku lina ndinawatenga onse
kukawaika pa sikelo ya mayi wa nyemba.
Sanafike ndi hafu kilo yomwe.
Mayiyo anaomba m'manja:
ulemu wonsewu, ndiwo za mwana sizikwana!

Mwezi watha kunabwera mnyamata wa ku Lilongwe,
nsapato zosongoka, foni m'manja.
Anati kunja kuli anthu amazilimbirana,
dzina likakhala la mkulu wa asilikali mtengo umalumpha,
likakhala la msilikali wakuda wa Keyala, umakwawa.
Ndinati, nanga la wosenza bafa?
Anakanda foni nthawi yaitali,
chala chikutsika, chikutsika.
Anati, bambo, sindikumupeza.
Kenako anatchula ndalama za Mejala,
zokwana malata a nyumba yonse.
M'mimba munanditentha, sindinama.
Ndinam'patsa mpando, ndinam'gulira chimanga chootcha,
ndinatseka dilowa.

Esinati sakudziwabe.

Usiku womwewo ndinachotsa chivindikiro chakumbuyo
kwa wotchi imene mwini wake anafa asanaiwombole.
Ndinachikwecha mpaka kuwala,
ndinaboola kabowo, ndinamanga ulusi wa thumba la feteleza,
ndipo ndi singano yanga yaying'ono
ndinayamba kukanda dzina.
Dzanja lakalamba, zilembo zinakula,
malo anatha ndisanamalize.
Palembedwa TSOKALI basi.

Ndamuika pamwamba pa mzere,
Kaputeni kumanzere, Mejala kumapazi.
Dilowa ikatsekeka ndimamva akugundana mumdima,
ngwe, ngwe,
kaya akukangana za malo,
kaya wina wafunsa madzi osamba
ndipo palibe wadzuka.

Pepani, ndiyambe ndatseka.
Mwana uyu wabwera ndi wotchi ya pulasitiki,
akuti ndimuikire batire.